Nyemba Zanga Zinapita Kumaliro Zitavala Kabudula

Inu mukandiona ndikuyenda ndi jekete yanga ya ku Joni mumayesa ndine munthu wolongosoka, koma kuno ku Likoswe amayi akandiona amayang'ana pansi n'kumaluma nsonga ya chitenje. Lekani ndikuuzeni ndekha chifukwa chake, musakamve kwa ena atathiramo kale mchere.

Ndinakhala ku Joni zaka zambiri ndikukonza mapaipi, ndipo nthawi yonseyo mkazi wanga, mayi a Linesi, ankasamala pakhomo pano, pamudzi pa makolo awo, pamene ine ndili mkamwini. Anabzala mitengo kuseri kwa nyumba, keshya ndi mibawa, n'kumandiuza pafoni kuti ukalamba wathu tidzaudyera pamthunzi umenewo. Ndinabwerera, tinakhala limodzi pang'ono chabe, Mulungu n'kuwatenga.

Tsono mwamuna wokhala yekha nkhuni amazidya ngati chiswe. Nyemba zokha, moto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mitengo ya malemu inayamba kuchepa. Alamu anga a Esinati, akulu awo a malemu, amene mawu awo ndi omaliza pamudzi pano, anaima tsiku lina pafupi ndi chitsa n'kunena kuti, "Alamu, mitengo ya mng'ono wanga ikutha. Mwamuna sangadzisunge yekha. Bwanji osapita kwa abale anu ku Mpama akakusamaleni?" Ananena mwaulemu, koma mkamwini amamva. Ku Mpamako ndikakhala kwa yani, ine amene ndinachokako ndevu zisanamere? Manda a mkazi wanga ali kuno.

Ndiye ndinakumbukira mayi wina amene ndinkachita lendi kwawo ku Joni. Pofuna kupulumutsa magetsi, iye ankawiritsa nyemba pang'ono chabe, n'kuphula poto ali wotentha, kumukulunga m'chithumba cha thonje, nyembazo n'kumapsa zokha ndi kutentha komweko. Nkhuni zochepa, utsi wochepa, pajatu pawailesi amanena kuti utsi wathu womwewu ndi umene wasokoneza mvula. Ndinati basi, alamu aona.

Chithumba ndinalibe, koma dengu la malemu linalipo. Thonje ndinalibenso, ndiye ndinatsegula sutikesi. M'menemo munali zonse za chisanu cha ku Joni: ovololo yong'ambika kumbuyo, masokosi opanda zidendene, ndi makabudula am'kati aatali ofika m'akakolo, aubweya, amene munthu wa ku Chiradzulu sanawaonepo ndipo sayenera kuwaona. Ndinawiritsa nyemba ndi tinthambi towerengeka, ndinayala zovala m'dengu, poto pakati, kabudula mmodzi ndinachita kumuveka potoyo, miyendo n'kuimanga pamwamba pa chivundikiro kuti nthunzi isathawe. Zonsezo ndinaphimba ndi chitenje chabwino cha malemu. Dengu ndinaliika pakhonde kuti dzuwa lithandizeko, ine n'kupalasa njinga wa ku Njuli kukagula mchere ndi tomato.

Chimene sindinadziwe n'chakuti m'mawa womwewo kunali kutagwa maliro kutsidya kwa dambo, bambo wina wachikulire wa mpingo wathu. Ndipo kuno kukagwa maliro amayi amayenda khomo ndi khomo kutolera ufa, ndiwo, nkhuni, chilichonse, ndipo ukakhala kuti ukuchokapo umangosiya chako pakhonde chitaphimbidwa bwino. Ine zaka zonse zija za ku Joni, mwambo umenewu unali utandichoka m'mutu. Inu mukanakhala amayiwo, mwapeza dengu lolemera, lofunda, chitenje chokongola pamwamba, mukanaganiza chiyani?

Uthenga wa maliro ndinaumva ku Njuli kwa wakabaza, ndinabwerera msanga, kufika pakhonde dengu palibe. Ndinayamba ndakwiyira agalu, kenako ana a anthu, mpaka mayi woyandikana nane anandiuza kuti, "Mwachita bwino bambo a Linesi, ulendo uno mwapereka zooneka. A Esinati achita kusenza okha."

Ndinathamangira komweko, koma pamaliro mwamuna sulowa kumene amayi akuphika, umakhala ndi amuna anzako pansi pa mtengo, nkhope yachisoni. Ndinakhala pamenepo ndikuona zonse chapatali. A Esinati anatula dengu pakati pa amayi a mpingo, anachotsa chitenje, n'kutulutsa ovololo. Anaiyang'ana, anaipereka kwa mnzawo. Sokosi. Sokosi ina. Kenako anakweza kabudula woyamba m'mwamba ndi manja awiri, miyendo ikulendewera, akumutembenuza uku ndi uku kuti amvetse kuti chimenechi n'chiyani. Nyimbo ya amayi inadukira pakati. Pamaliro saseka, ndiye ndinangoona mapewa akugwedezeka mzere wonse, ena atabisa nkhope m'zitenje, ndipo bambo amene ndinakhala naye pafupi anati, "Amayiwa imfa iyi yawakhudza kwambiri." Ine ndinavomera kuti inde, malemu anali munthu wabwino.

Pomaliza anafika pa poto wovala uja, anamasula miyendo, kutsegula, nthunzi tolotolo, nyemba zitapsa ndithu, zofewa. Amene anazidya ndi adzukulu okumba manda, ndipo palibe anawauza zimene nyembazo zinavala.

Mawa lake a Esinati anabwera ndi dengu, zovala zitachapidwa n'kupindidwa, kabudula pamwamba penipeni. Ndinati mumtima, lero ndiye ulendo wa ku Mpama wakwana. Anakhala pamkeka, anafunsa kuti nkhuni zinalowa zochuluka bwanji, ine n'kuwasonyeza pamafuwa, phulusa losadzaza ngakhale dzanja limodzi. Anayang'ana mitengo ya mng'ono wawo.

"Za ku Mpama zija zisiyeni," anatero. "Munthu woveka nyemba kabudula tikamutumiza kwawo, abale ake adzati tamupengetsa ndife. Mukhala konkuno tizikuonani. Koma Loweruka mubwere mudzatisonyeze amayife kaphikidwe kameneka, ndi masamba ouma a nthochi, osati katundu wanu wa ku Joniyu."

Keshya wa mayi a Linesi akuphukanso m'zitsa, ndipo madengu otere alipo angapo m'mudzi muno, amayi amangowatchula kuti kabudula wa alamu. Ine ndinalumbira kuti dengu langa silidzaonanso khonde, ndipo masiku ano ndikamva kuti kwagwa maliro, ndisanafunse kuti wamwalira ndani, ndimayamba ndakhoma sutikesi.