Mtengo wa Njinga ya Anambewe

Lolemba

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino linali Lachinayi. Akazi anga, Anambewe, anabwera kuchokera kumalire dzuwa litangopendeka, m'dengu mutatsala manachesi asanu ndi awiri. Anatsamiritsa njinga kukhoma n'kunena kuti tcheni chagwa kawiri pachitunda cha kutchalitchi. "Mundimangire, bambo." Ine ndinati mawa. Anakumbutsanso za mbande ya nachesi ya kwa a Mateyu, yoti tibzale pafupi ndi khonde kuti tidzapeze mthunzi. Ndinatinso mawa. Tinakhala pakhondepo n'kudya manachesi otsalawo, iwo akundiseka kuti ndimasenda ngati waganyu wolipidwa pa tsiku. Kutacha anadzuka ndi mutu. Lachiwiri lotsatira tinali kumanda.

Papita miyezi khumi ndi umodzi. Tcheni sindinamange.

Zovala anatenga alamu anga, monga mwa mwambo. Mapoto anapita ku Blantyre ndi mwana wathu Chisomo. Zatsala:
njinga
pampu
dengu
malegeni anayi omangira katundu

Lero abwera a Mateyu, mnzanga wa kuyambira Sitandade 3. Njinga yawo inathyoka pakati, manachesi akupsa m'munda, chonyamulira alibe. Akufuna kugula ya Anambewe. "Ingotchulani mtengo, achimwene. Koma wachilungamo." Ndawauza kuti pofika Lamulungu ndiwauza. Sindikufuna kumudyera mnzanga. Sindikufunanso kunyoza malemu.

Ntchito yophweka iyi. Ndinafika Fomu 2, ndipo masamu ndinkakhoza.

Tamwa tiyi. Makapu awiri! Yachiwiriyo ndachita kufunafuna.

Lachiwiri

Njinga ndaitulutsa panja, ndaipukuta. Ndikulemba mwadongosolo.

Zabwino: matayala onse awiri akadali ndi mano. Kaliyala ndi wolimba, anachita kuwotcherera kuboma. Belu likulira.

Zoipa: tcheni. Buleki yakutsogolo imangolira, kugwira ayi. Ndi yachizimayi, ndipo a Mateyu ndi dikoni, anthu aziwaseka.

Zimene sindikudziwa kuti ndiike mbali iti: kansalu ka chitenje kamene anakulunga pachishalo. Kachita kuyera pakati, maluwa anafufutika.

Ndikuti K120,000.

Chisomo waimba foni. "Adadi, musatsike pa 150, ndaona pafoni." Iyeyu njingayi anaikwera komaliza ali Fomu 1. Wafunsanso ngati ndikudya. Ndati ndikudya.

A Mateyu afika masana ndi mbatata zootcha m'thumba la jekete. "Mtengo wapezeka?" Ndati ndikuwerengerabe. Sanakakamize. Takamba za mbuzi, za chisanu cha chaka chino, za mphunzitsi wathu uja ankatimenya ndi lula m'zala. Za njinga ayi.

Lachitatu

Ndapita nayo kuboma kuti katswiri aione. Ndikuikankha njira yonse. Anthu akundilonjera mondimvera chisoni, sindikudziwa ngati ndi chifukwa cha maliro kapena cha njinga.

Wokonza njinga wa kuseri kwa msika waitembenuza, wazunguza tayala, wayamwa mano. "Madala, iyi ndi 70. Sipoko zinayi palibe, komanso imakokera kumanzere." Wati iyeyo atha kundithandiza poigula pa 60. Kundithandiza!

Kenaka waona kansalu kapachishalo. "Kodi ndi ya amayi a manachesi aja? Ankandiikira basela nthawi zonse, ngakhale ndigule awiri okha." Wavula kapusi. Watenga sipanala kuti amange tcheni kwaulere.

Ndamuletsa. Ndati chimenecho ndimanga ndekha. Wandiyang'ana ngati ndapenga, mwina ndi zoona.

Mitengo tsopano ndi inayi: 150, 120, 70, 60. Lolemba ndinalibe ndi umodzi womwe, ndipo mutu unali wopepuka.

Ndafika kunyumba miyendo ikuwawa. Pakhonde pali makoko a mtedza. A Mateyu anabwera, anadikira, anabwerera. Zandiwawa kuposa miyendo.

Lachinayi

Anambewe anali ndi lamulo kumalire: wogulitsa asayambe kutchula mtengo, ayambe wogula. Lero ndaliswa.

A Mateyu atangokhala pansi ndati 70. Aika kapu pansi mwamphamvu, tiyi kutayika. "Achimwene, mukufuna mudzi wonse uziti Mateyu anabera namfedwa? Ndikupatsani 130."

Ndati 130 ndi kuba, njingayo ilibe sipoko zinayi. Ati sipoko si njinga. Ndati imakokera kumanzere. Ati kwawo ndi kumanzere komweko. Ndakwera kufika 80. Atsika kufika 125, nkhope ili gwa, ngati ndikuwazula dzino.

"Chotsaniko pang'ono, a Mateyu."
"Ayi, inuyo onjezani."

Mayi wina wochokera kumjigo waima ndi ndowa pamutu, watimvetsera nthawi yaitali. "Pepani azibambo, kodi akugula ndani apa?"

Tonse tinali titakwiya.

A Mateyu anyamuka tiyi asanathe. Zaka zoposa makumi asanu tikudziwana, sitinakanganepo za ndalama. Lero takangana chifukwa aliyense akukana kupindula. Anambewe akanaseka mpaka kugwira khoma.

Lachisanu

Nzeru yatsopano: ndikafunse anthu amene alibe mbali. Kumalire, kumene aliyense amadziwa mtengo wa chilichonse.

Ndakwera. Koyamba. Mawondo akugunda zogwirira. Pachitunda cha kutchalitchi tcheni chagwa kawiri, ndendende mmene ananenera. Ndaima pamenepo, manja ali bii ndi girizi, kwa kanthawi ndithu.

Kumalire malole ali pamzere mpaka kokhotera. Ndisanatsike n'komwe, azimayi ogulitsa manachesi aizindikira. Wina waimba belu, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Malo a Anambewe, pafupi ndi ngalande, pakukhala mtsikana wina amene sindikumudziwa. Wandisunthira kuti ndikhale. Ndakana.

Ndafunsa za mtengo. Mayankho:
"Bambo, musagulitse."
"Mazana awiri, osachotsa."
"Mupatseni Chisomo."
"Mwawonda."

Mnyamata wosintha ndalama wanditchulira mtengo mu metikashi, ndalama za kutsidya kwa malire, wachita masamu pafoni, yankho lasintha katatu ndikuyang'ana.

Ponyamuka ndapeza adzaza dengu ndi manachesi, amanga ndi malegeni. Ndalama akana. "Ndi basela wa Anambewe." Ndinapita kukafuna mtengo, ndabwera ndi katundu. Chitunda chonse ndakankha.

Manachesi makumi anayi ndi atatu. Wodya mmodzi.

A Mateyu sanabwere.

Loweruka

Ndaphika tiyi wa anthu awiri. Wazizira.

Ndikukhala pakhonde, kope pamwendo. Ndaphatikiza mitengo yonse n'kugawa monga tinkachitira kusukulu. Yankho latuluka ndi matambala kumapeto. Ndani angagule njinga ndi matambala?

Ndiye ndalemba funso lina, limene ndakhala ndikulizemba kuyambira Lachiwiri. Ndikatchula mtengo, a Mateyu n'kuvomera, n'kukwera njinga n'kumapita, adzabweranso kudzafunsa chiyani? Miyezi yonseyi anthu ankabwera kudzapepesa, n'kusowa chonena, n'kusiya kubwera. Sabata ino yokha pakhonde pano pakhala munthu wobwera ndi nkhani. Masamu si ovuta ayi. Ndine amene sindikufuna athe.

Masana ndapita kwawo. Ndapeza akazi awo okha, akusankha mtedza. "Apita kwa Kanduku kukapempha ngolo. Manachesi ayamba kugwa okha, alamu." Sananene mokalipa. Bola akanakalipa.

Ndadutsa m'munda mwawo pobwerera. Pansi pali chikasu chokhachokha, ntchentche zili ng'waa. Ndalama za fetereza za mnzanga zikuwolera pansi, ine ndili kalikiliki kugawa matambala.

Kuseri kwa khola lawo kuli mbande zomezanitsa, m'timachubu takuda, pamzere. Ndaima pamenepo. Ndakumbuka mbande ija ndinati tidzabzala mawa.

Lamulungu

Pochokera kutchalitchi ndavula jekete, ndatenga sipanala. Kumasula nati, kukokera tayala kumbuyo, kumanganso. Madzi a tiyi asanawire n'komwe, ndamaliza. Miyezi khumi ndi umodzi!

Ndakwera kupita kwa a Mateyu. Pachitunda tcheni sichinagwe.

Ndawapeza atakhala pa mpando wa ndalema, ngolo sanaipeze. Alonjera mwaulemu wambiri, wa anthu okwiyirana.

"Ndabwera ndi mtengo," ndatero.
"Bwanji?"
"Mtengo."
"Eya, ndamva. Mtengo wake ndi bwanji?"
"Ndanena kale, a Mateyu. Mtengo." Ndaloza kuseri kwa khola. "Umodzi. Uwo wa masamba ambiriwo."

Ayang'ana mbande, ayang'ana ine. Aseka mpaka kutsokomola, kenaka apukuta m'maso nthawi yaitali kuposa mmene kuseka kumafunira. Ayambanso zija za mudzi, zoti anthu aziti anabera namfedwa. Ndati akafunsidwa aziyankha kuti anagula pa mtengo wabwino. Si bodza. Dikoni atha kunena zimenezo ngakhale m'tchalitchi.

Ayesa kundipatsa mitengo itatu. Ndakana. Tagwirizana pa umodzi, koma okumba dzenje ndi iwo.

Abwera nayo mbandeyo pa kaliyala, mawondo akugunda zogwirira, ana akuwaseka m'njira, ine ndikutsatira wapansi. Tabzala pamene Anambewe ankaloza. Pothirira ati: "Yomezanitsayi ndi yovuta, achimwene, makamaka chilimwe chikubwerachi. Inu simungaithe nokha. Ndizibwera kudzaiona." Ndinabadwira m'manachesi, ndikudziwa kuti si yovuta. Iwonso akudziwa kuti ndikudziwa. Ndati inde, ndi yovuta kwambiri.

Chisomo sindinamuuze. Adzafunsa za 150 yake, ndidzamuonetsa kamtengo kofika m'bondo. Mthunzi wake mwina ndidzaukhala, mwina ayi. Masamu a Fomu 2 athera pamenepa.

Katundu wa Anambewe:
njinga, kwa a Mateyu, ndi kansalu kake komwe
pampu ndi malegeni anayi, basela
dengu, ndavundikira mbande kuopa mbuzi

Kukhoma kwatsala kamzere kakuda, pamene chogwirira chinkatsamira. Sindipakapo laimu.

Kapu yachiwiri ndaisiya pathebulo.