Che Sefu ndi Banjo Yotha Mabuleki

Ku Area 2 kunalibe munthu wozunza banjo ngati malemu Che Sefu, okonza njinga aja. Anzawo nsambo amangoisisita. Iwo ankaikoka ngati legeni, n'kuisiya kuti thwaa. Akuti agalu a ku Area 9 ankauwa, ndipo tsiku lina minibasi inaima, dalaivala n'kutsika kukayendera matayala.

Sikuti mutu unali wosakoka ayi. Akazi awo, Abiti Sauda, ogulitsa samusa tsidya la msewu, anali atayamba kugontha, ndipo Che Sefu analumbira kuti mayiwo sadzaweruka osamva nyimbo imene anawafunsira nayo mbeta.

A Lexon, telala wa khonde loyandikana nawo, zinawakwana.

"Che Sefu, bwanji osangoimangitsa nsamboyo kuti izimveka?"

"Mukamangitsa imalira ngati udzudzu, achimwene, mawu kungowonda basi. Kuti ifuule, ikokeni patali, igwedezeke mokwanira."

"Nanga ikaduka?"

"Njinga zatha mu Lilongwe muno?"

Vuto linali pamenepo, pakuti nsambo zawo zinali mawaya a mabuleki. Ukasiya njinga kuti amate chubu, poitenga unkayamba wayesa ngati ikuima. A Eddie, mlonda wa ku Area 12, sanayese, ndipo anakaimira m'maluwa a abwana awo. Che Sefu anapepesa mpaka kugwada, koma mawa lake banjo inalira ndithu.

Makutu a mayi aja ankatsekekerabe, Che Sefu nawonso n'kumakokera patali, mpaka zala kung'ambika. Tinkaseka, koma tsiku limene anadula nsambo zonse mayiwo osacheuka n'komwe, chisoni chinatigwira. Anangokhala pa tayala, banjo ili pamwendo, misozi ikulengeza.

Abiti Sauda atawaona choncho anawoloka msewu. Anadikira kuti amange nsambo zina, n'kuika chikhatho pa chikopa cha banjoyo.

"Imbani pang'onopang'ono, bambo. Mukakoka kwambiri dzanja likuchita dzanzi."

Kuyambira tsikulo ankaimba motsitsa, moti ife apafupi sitinkamva kanthu. Mayiwo okha, chikhatho chili pa banjo, ndiwo ankagwedeza mutu.

Che Sefu tinawaika m'manda chaka chatha. Pakhonde paja tsopano akugulitsapo mafoni, ndipo A Lexon akuti kusoka sikukomanso. Abiti Sauda amabwerabe ndi samusa zawo. Dzuwa likapendeka amawoloka, n'kuima pamenepo kanthawi, chikhatho chili chotambasula. Ine ndikawaona ndimayang'ana kumbali.