Nkhosa Imene Sitipha pa Idi

Mwana wanga Asiyatu anandifunsa tsiku lina: “Ababa, nkhosa yopanda manoyi bwanji simuipha pa Idi?” Ndinamuuza zimene ndikuuzenizi, ndipo wokayika akafunse ku Katuli konse. Munthu wa sukulu yamadzulo ngati ine sanama.

Chaka chimene tinathawa nkhondo ku Mozambiki, Asiyatu anali khanda, mawere a mayi ake anauma ndi njala ya m'njira, ndipo chotsala chathu chinali nkhosa imodzi yongoswa kumene. Ndinaibereka kumsana, kamwana kake m'thumba la malaya, mayi ndi khanda paphewa, n'kudumpha phiri la m'malire osakhudza nsonga. Mukumva?

Mkaka wake ndiwo unalera mwanayu. Koma mkaka wa nkhosa uli ndi miyezi yake: ikapanda kutenganso bere, kapu imauma. Ndiye chilimwe chinabwera choti nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale, udzu unapsa mpaka mizu, nkhosa yanga inawonda moti mphepo inkaimba likhweru m'nthiti zake, ndipo yamphongo ya a Mwalimu a kumzikiti itaiona inapereka moni ngati kwa agogo n'kudutsa. Nkhosa yowonda siyifuna mphongo, mphongonso siyiifuna.

Wallahi, ndikulumbira, ndinakwera mtengo wa nsangu wautali moti ndili pansonga ndinaona denga la nyumba yathu tinaisiya ija, ndinaugwedeza kamodzi, nyemba zake zinagwa masiku atatu mpaka galimoto za ufa wa othawa nkhondo zinatitimira, nkhosa inadya, inanenepa moti ndinagumula chitseko cha khola, ndipo fungo lake litafika ku Makanjira, yamphongo ina inadula chingwe, inathamanga ulendo wonsewo fumbi lake n'kugwetsa mvula. Mukumva? Patatha miyezi isanu inaswa ana asanu ndi awiri! Mkaka unayenda m'khwawa mpaka asodzi ankakoka usipa woyera ngati laimu.

Asiyatu anandiyang'ana n'kufunsa: “Ababa, zoona zake?”

Ndinamukhazika pamwendo. “Mtengo sindinakwere, mwanangu, ndimaopa minga. Nyemba ndinkatola pansi, chitini chimodzi patsiku, ndipo sizinkakwana. Ndiye phala langa la m'mawa ndinkathira m'mbale ya nkhosa, mayi ako osadziwa, miyezi iwiri yathunthu. Yamphongo ya a Mwalimu ija ndiyo inabwerera yokha. Iwe unadikira ndi phala lamadzi, manja ngati timitengo, ine ndikugwira mimba ya nkhosa tsiku lililonse. Inaswa kamwana kamodzi, kowonda. Mkaka unali kapu imodzi patsiku.”

“Imodzi yokha?”

“Imodzi yokha. Koma kapu imeneyo ndi iyi yakhala pamwendo pangayi, ikufunsa mafunso. Munthu sapha amene anayamwitsa mwana wake.”