Mphindi Khumi ndi Ziwiri za Mayi Tarova

Mudzi wa Kemeyufa,
Kuseri kwa Goroka.

Kwa Bwana Mkulu,
Kanema wa Aliyense,
Port Moresby.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti ndakutsatirani mpaka m'nyuzipepala. Ndinakulemberani kawiri mwakachetechete, koma ndikhulupirira makalata aja akudikira nthawi yawo, monga zimadikirira zinthu zonse zodutsa m'manja mwanu. Dzina langa ndine Barnabas Ketauwo, mlimi wa khofi, ndipo pamudzi pano ndine woyang'anira mlongoti. Nsungwi yaitali imene imakoka zithunzi zanu pamwamba pa holo ya tchalitchi, woitembenuza ndine. Ndakhala wantchito wanu wosalembedwa zaka khumi ndi zinayi, mvula ikundikwapula, anthu m'kati akukuwa kuti “Kumanzere! Wapitirira! Bwerera!” Sindinadandaulepo, ndipo lero sindiyamba. Ndabwera kudzathokoza.

Jethro Avako mukumudziwa, paja nkhope yake munaipachika pa zikwangwani zanu mwezi wathunthu. Ndi mwana wathu. Ragibi anaiyambira pabwalo la sukulu pano, wopanda nsapato, mpira wake uli botolo lotsendera udzu. Lero amasewera ku Australia, ndipo timu yake inafika mu fainolo. Amene simukuwadziwa ndi amayi ake, mayi Tarova, amene amaotcha mbatata pamsewu. Chichokereni mwanayo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, sanamuonepo akusewera, chifukwa masewero onse a timu yake munawasamutsira ku kanema wanu wina uja, wolipira, wa dishi ndi khadi. Diso lawo lamanzere linatseka kale. Lamanja limaona zinthu zazikulu zokha, ndipo adokotala a ku Goroka anawauza mosabisa kuti nalonso likupita ndipo palibe mankhwala olibweza. Fainolo ndi masewero okhawo amene munatisiyira aulere. Mayi Tarova analisungira tsiku limenelo diso lawo.

Choyamba, ndithokoze chifukwa cha tsiku. Fainolo inaseweredwa Lamulungu, ndipo a dishi anaionera pomwepo. Ife a nsungwi munationetsa Lolemba, 2 koloko masana. Ena pano anang'ung'udza, koma ine ndinawadzudzula. Munthu wosauka akaona zinthu nthawi imene zikuchitika, mtima umathamanga, ndipo chipatala chili kutali. Inu munatipatsa tsiku lathunthu loti nkhaniyo izizire. Ndi makolo ochepa amene amasamala ana awo chotere.

Chachiwiri, ndithokoze chifukwa cha luso limene mwatiphunzitsa. Chiyambireni kutichedwetsera fainolo zaka zitatu zapitazo, Kemeyufa yasanduka mudzi wa akatswiri a kusadziwa. Mapemphero a Lamulungu akangotha, abusa a Homate amaima pakhomo ndi thumba loluka, aliyense n'kuponyamo foni yake. Thumbalo timalipachika kudenga la tchalitchi, makwerero n'kuwatsekera m'nyumba ya abusa. Mabatire a wailesi amasunga ndi amayi a chigwirizano. Pamlatho timagoneka mtengo, ndipo mlendo aliyense amalumbira kaye kuti pakamwa pake padzatuluka moni yekha.

Vuto lathu chaka chilichonse ndi a Sekove, oyendetsa minibasi ya ku Goroka. Iwo ku tauni sangalephere kumva, ndipo nkhope yawo simasunga chinsinsi. Chaka chatha sananene kanthu, anangotsika m'galimoto n'kumenyetsa chitseko, mudzi wonse n'kudziwa. Ndiye chaka chino tinawachingamira pamlatho ndi thumba la khofi lobowola maso awiri loti avale kumutu. Anakana. “Ine ndine munthu wamkulu, ndili ndi zidzukulu!” Akazi awo anawayankha kuti, “Valani, bambo, musatichedwetse. Inu ngakhale msana wanu ndi wamiseche.” Anavala, koma tinaona kuti mayendedwe awo akufuna kulankhula, choncho tinawanyamula anthu anayi mpaka kunyumba kwawo. Bwana, umodzi wotere boma lalephera kuubweretsa ndi misonkhano yake yonse. Inu mwaubweretsa osachoka pampando.

Lolemba linafika mudzi uli mbuu, wosadziwa kanthu, wokondwa. Ana sanapite kusukulu, chifukwa aphunzitsi anali atakhala kale m'holo. Nkhumba ya mayi Tarova, yomwe anailera zaka ziwiri kuti adzadyetse mudzi tsiku limeneli, inali pachingwe kuseri, miyala yophikira ili pamoto, nthochi ndi mbatata zitasendedwa. Eni akewo tinawaikira mpando patsogolo penipeni, mphuno yawo ili pafupi kugunda galasi la kanema. Tinavala zobiriwira za timu ya mwana wathu, ndipo amene analibe malaya anadzimangirira masamba.

Chachitatu, ndithokoze chifukwa cha timawu timene mumayendetsa m'munsi mwa galasi, tonena amene wapambana masewero amene mukuonetsawo. Tinatiphimba ndi tsamba la nthochi. Mnyamata wanu wa tayi woulutsa masewero uja, amene amayamba ndi mawu akuti “monga mukudziwa kale,” tinamutsekera mawu mpaka mpira utamenyedwa. Sitikumuda. Mwana wokulira pa dishi sangadziwe kuti kuli anthu amene sakudziwa kale.

Chachinayi ndi nsomba. Bwana, nsomba za m'chitini zimene mumatsatsa pa kanema zija tsopano tazimvetsa. Wina akagunditsa mpira kuseri kwa mzere, nsomba. Wina akavulala, nsomba. Woyimbira akakanda m'mutu, nsomba, kenako mpunga woti tidyere nsombazo. Pa nthawi yopumula munatipatsa nsomba, sopo, simenti, nduna ikudula kansalu, ndi nsomba. Mayi Tarova, amene amaona zazikulu zokha, anaiona bwino kwambiri nsombayo. Anatembenuka n'kufunsa kuti, “Kodi iyi ili timu iti? Ikuchita kulowa pafupipafupi kuposa mwana wanga.”

Pajatu Jethro anayambira pabenchi. Chigawo choyamba chonse kamera inamupeza kamodzi, akumwa madzi. Holo inagwedezeka. Amayi ake anagwira galasi ndi dzanja, koma pamene amati ayang'anitsitse, inali nsomba. Anati, “Palibe kanthu, kumwa madzi ndinamuonapo. Ndikufuna ndimuone akuthamanga.”

Masewero anali okoma, Bwana, sindikunamizani. Anyamata amagundana mpaka ife pamabenchi kumva m'nthiti. Ine ndinali panja, nsungwi m'manja, mutu pawindo, chifukwa mphepo inali itayamba. Itakwana mphindi ya 68, timu yathu ikutsalira ndi mapointi awiri okha, ndinamva abusa, munthu wofatsa uja, akukuwa mawu amene sindinawamvepo m'mapemphero. Jethro anali ataimirira pamzere. Anavula jekete. Anadumphadumpha kawiri, n'kupukuta manja pakabudula monga amachitira bambo ake akamagwira khasu. Mayi Tarova anaimirira, nati, “Ndi ameneyo. Miyendo imeneyo ndi ya kwathu.” Mwanayo anaponda phazi limodzi m'bwalo.

Apa ndiye pali chachisanu, chimene chandigwiritsa cholembera. Inakwana 4 koloko. Nsomba zinali zitadya nthawi ya mpira, ndipo inu, pokhala anthu osunga nthawi, simukanalola kuti pulogalamu yotsatira ichedwe. Bwalo linazimiririka. M'malo mwake munabwera mtsikana womwetulira, dishi m'manja, kutiuza kuti, “Lembetsani lero, musadzaphonyenso ngakhale mphindi imodzi.”

Anthu anayamba ndi ine. “Barnabas, watani? Bwezera nsungwi!” Ndinaitembenuza kum'mawa, kumadzulo, ndinailoza ngakhale kumanda, koma kulikonse kunali mtsikana yemweyo ndi dishi yake. Wina ananyamula benchi kuti aphwanye kanema, abusa n'kumukumbutsa kuti kanemayo ndi wa mpingo. Kenaka ndinamva nyimbo ya nkhani ikuyamba, ndipo podziwa chimene nkhanizo ziyambire, ndinathamanga kukazimitsa jenereta. 

Achinyamata anali atayamba kale kukwerana pamapewa kuti afikire thumba la mafoni. Ndi pamene mayi Tarova anamenya ndodo yawo pansi. Sanakweze mawu. Anati, “Mverani kuno, ana inu. Mafoni anuwo tengani, dziwani zimene mukufuna kudziwa. Koma ine aliyense asandiuze. Za mwana ameneyu ndakhala ndikumva zaka zisanu ndi ziwiri, makutu anga akhuta. Phazi limodzi ndaliona likulowa. Linalo ndilionanso ndekha. Ndipo nkhumbayo ibwezereni m'khola.”

Bwana, lero ndi tsiku la makumi awiri ndi limodzi.

Mudzi wonse ukudziwa. Madzulo a tsiku lomwelo tinatsika mwakachetechete, amuna, akazi ndi ana, kuwoloka mitsinje iwiri mpaka kuseri kwa phiri kumene mawu safika kuno, ndipo kumeneko tinakachita zimene tinachita. Sindilemba ngati kunali kulira kapena kuvina. Nyuzipepala kuno timapichirira fodya, ndipo opichirawo ali ndi chizolowezi chowerenga mokweza asanayatse. Ndingonena kuti abusa anabwerako atasasa mawu, ali ndi nsapato imodzi.

Chiyambire tsiku limenelo tikukhala ngati anthu obisa matenda. Tikamadutsa pamene mayi Tarova amaotchera mbatata timakonza nkhope, ndipo masaya akutipweteka. Ana akamasewera ragibi pabwalo, ikafika mphindi ya 68 amaima okha n'kufuula kuti “Nsomba!” A Sekove tawaletsa kugula mbatata. Thumba la khofi lija akuyenda nalo m'galimoto, ndipo akafika pamalopo amavala okha osauzidwa. Nkhumba yokha ndiyo ikukuthokozani ndi mtima wonse. Yanenepa moti pakhomo la khola sikukwananso, ndipo ikandiona imandiyang'ana ngati munthu amene ali ndi m'bale wake ku likulu.

Musaganize kuti sitinayese njira zina. Mphunzitsi wamkulu anakwera paphiri kukasaka mphindizo pa foni, foniyo n'kumuuza kuti zithunzizi sizionetsedwa m'dziko lathu, chifukwa mwini wake m'dziko muno ndi Kanema wa Aliyense. Ichi chikhale chachisanu ndi chimodzi: zikomo potisungira katundu wathu mosamala chotere, moti ngakhale ife eni ake sitingamube. Jethro anatumiza kachidutswa kojambulidwa ndi mnzake, koma pa kagalasi ka foni amayi ake anangoona nyerere zobiriwira. Anabweza foniyo nati, “Ine sindinabereke nyerere.”

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachisekerere, ngakhale ndayesa. Jethro amaimba foni tsiku lililonse, ndipo amayi ake sakuilandira. Akuti mwana ameneyo akangoti “Amayi,” iwo adziwa zonse, chifukwa mawu ake sanawabisirepo kanthu chibadwire. Ndiye amaimbira ine. Ndimaima kuseri kwa nyumba yawo, foni m'mwamba, kuti amve mayi ake akukalipira nkhuku. Chimphona chimene chimagwetsa amuna atatu nthawi imodzi chimangopuma m'khutu mwanga, kenako n'kufunsa kuti, “Amalume, diso lija lili bwanji?” Ine ndimati lili bwino. Bwana, mwandisandutsa wabodza, ndipo zimenezi zikundiwawa.

Mwina mayi Tarova akudziwa kale. Mayi amene amamva kuti mbatata yapsa ndi fungo lokha sangalephere kumva mudzi wonse ukuyenda chonyang'ama. Koma sanapemphe kudziwa. Anapempha kuona.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wa nsungwi. Sindikupempha dishi. Sindikupempha kuti chaka chamawa mutionetse fainolo pa tsiku lake, ndikudziwa malire anga. Ndikupempha mphindi khumi ndi ziwiri zimene zili m'kabati mwanu, kuyambira pamene phazi lija linaponda m'bwalo. Tsiku sankhani nokha, ola sankhani nokha. Nsomba ikanimo mmene mungafunire, kutsogolo, kumbuyo ndi pakati, tidzaziombera m'manja. Mungotidziwitsa kudakali tsiku limodzi kuti tigule mafuta a jenereta ndi kuika miyala pamoto. Ine ndidzakhala panja ndi nsungwi, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzaphethira.

Musadzipanikize chifukwa cha ife. Kudikira ndi ntchito imene munatiphunzitsa bwino, ndipo mudzi ukhoza kusunga nkhope mpaka Khirisimasi. Kungoti dzulo m'mawa ndinaima patsogolo pa mayi Tarova, pafupi ngati mmene unalili mpando wawo ndi galasi lija, ndipo anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinayesa kulifotokozera diso lawo kuti a Bwana ali ndi ndondomeko, kuti zinthu zaulere zimabwera mochedwa. Koma diso lija, Bwana, ndi la kumudzi, silinaphunzire. Likuzima nthawi yomweyo imene likuzima, ndipo ilo silidzabwerezedwa Lolemba.

Ndine wanu wogwira nsungwi mokhulupirika, mvula kaya dzuwa,

Barnabas Ketauwo,
Woyang'anira Mlongoti, Kemeyufa.