Bwalo Limene Ndinalemba Chafutambuyo

Lachinayi sindinaone tulo, ndipo amene akufuna kuseka asekeretu panopa, chifukwa ndikayamba kufotokoza sindiima. Chinandisowetsa tulo ndi ichi: malume anga, a Chisale, anali atanena kuti Loweruka abwera ndi ng'ombe kudzalima kachigawo kotsala ka bwalo la mpira la m'mudzi mwathu, pamene mwana wanga Tadala, wa zaka zinayi, sanapondepo mzere woyera chibadwire. Bwalo limenelo ndinalilemba ine, ndi manja anga omwewa, nditangosiya sukulu mu Sitandade 6, ndipo ku Kasungu konse kuno sikunakhalepo bwalo lalikulu ngati limenelo. Wotsutsa akafunse kwa Wimbe. Osewera awo ena sanafikebe kwawo.

Zinali chonchi. Anyamata a m'mudzi mwathu anaitana timu ya kwa Wimbe, koma mphunzitsi amene ankadziwa miyezo ya bwalo anali atasamutsidwa. Anyamatawo anaima pansi pa mtengo wa muwanga n'kumakangana kuti m'litali mukhale motani, m'lifupi motani, ndipo ine anangondituma phulusa, poti phulusa amati ndi la akazi. Ndinapeza beseni lodzaza kuseri kwa chigafa cha bambo, muja timayanikamo fodya, phulusa losefa bwino, losalala ngati ufa woyera. Nditabwera nalo ndinawapeza akukanganabe, ndiye ndinakhoma chikhomo pakona n'kuyamba ndekha.

Tsono wolemba mzere amayenda chafutambuyo kuti asaponde zimene walemba, ndipo woyenda chafutambuyo saona kumene akupita. Mukumva? Ndinawerama n'kumawaza, kuwaza, maso ali pa mzere kuti usakhote, ndinawoloka dambo osadziwa, ndinadutsa pakati pa kwaya ya Mvano ikuyeserera nyimbo, amayiwo n'kungopatuka osasiya kuimba, ndinalowa mumsika wa kwa Chamama mzere wanga n'kulekanitsa wogulitsa tomato ndi womugula, moti kuyambira tsiku limenelo wina anali m'bwalo wina kunja, ndipo ndikanapitirira mpaka kunyanja chikhala kuti msana wanga sunagunde phiri. Pamenepo ndi pamene ndinati kona yachiwiri ikhale apa. Beseni silinathe phulusa, ndikulumbira pali mwana wanga.

Mzere wozungulira wa pakati ndinaulemba ndi chingwe chosokera fodya, chonse chimene bambo anagulira chaka chimenecho. M'kati mwake munalowa midzi, mjigo ndi chigayo, ndipo poti lamulo limati mpira ukamayamba adani atuluke m'menemo, oyimbira mpira anayamba kaye afunsa khomo ndi khomo kuti akuchemerera timu iti, ochemerera Wimbe n'kusamutsa mbuzi zawo. Wezulo yoyambira inalira m'mawa, koma goloboyi wathu, Yohane, anaimva mawa lake. M'bokosi mwake muja, mmene amaloledwa kugwira mpira ndi manja, Yohane analimamo mbatata, anamangamo nyumba, anafunsiramo mbeta, ndipo penate itagwa, woponyayo atamenya mpira, Yohane anapita kukasamba, anadzola mafuta, n'kubwera kudzaudikirira pagolo atakhala pampando. Wokamenya kona ankakwera kabaza. Posinthana mbali matimu anabwereka ngolo, ndipo anakumana panjira n'kupatsana moni ngati anthu ochokera kumaliro.

Masewero ali m'kati choncho, mvula yoyamba inagwa. Apa ndiye mumvetsere, amayi anzanga, chifukwa inu mukudziwa mmene mbewu ya fodya ilili, yaing'ono ngati fumbi, yosagwirika ndi zala. Bambo ankaisakaniza ndi phulusa losefa kuti ifeseke bwino panazale. Beseni lija linali limenelo.

Mizere yonse inamera. Wa m'mbali, wa pakati, wozungulira uja, mabokosi onse awiri, ngakhale kadontho komenyera penate kanatulutsa tsinde limodzi lonenepa ngati mlambe, fodya wobiriwira, wowongoka mwaukhondo kuposa wa pa esiteti iliyonse, masamba ake oti limodzi linkafolera khola lonse, moti mpira ukalowamo ankaupeza pothyola, ndipo wonyamula mbendera wina anasochera mumzere wake womwe n'kutulukira ku Lukwa ali ndi ndevu. Bambo sanandimenye. Anathyola fodya ameneyo mpaka chigafa chinapendama, ndipo anthu ankabwera pa njinga kudzaona mtsikana amene analemba bwalo lobereka.

Koma anabweranso malume, amene amagawa malo a pamtundu pathu. Anatola dothi, analifinya m'manja, ananunkhiza, n'kufunsa kuti dothi lotere anthu akuthamangitsirapo chikopa chifukwa chiyani. Chaka chotsatira analima bokosi la kumadzulo. Chinacho anadya mbali ya kudambo. Mitengo ya pagolo inakalowa m'chigafa, ikupachika fodya mpaka lero. Anyamata aja, atasowa pothamanga, ena anapita kukakhala matenanti, ena ku Joni, Yohane amayendetsa ngolo. Palibe tsiku limene wina anati bwalo latha. Linkangochepa ife tikuona, ineyo ndikudutsapo ndi ndowa pamutu, kenako ndi mimba, kenako ndi mwana kumsana, mpaka linatsala kachigawo koti ungawaze ndi beseni limodzi la madzi osambira. Anthu amatama fodya uja. Ine ndimakumbuka mizere ija tsiku loyamba, mvula isanagwe, ili mbuu padothi lofiira.

Lachisanu m'mawa ndinapala phulusa la kukhitchini, ndinalisefa kawiri kuti musakhale ngakhale kambewu ka bonongwe, ndinamugwira Tadala padzanja n'kupita naye pakachigawo paja. Ndinalemba zonse, makona anayi, mzere wa pakati, wozungulira, mabokosi, kadontho ka penate, ndipo pagolo ndinazika mapesi. Malume anatipeza akuchokera kudimba, anatsitsa mwendo umodzi panjinga n'kuyang'ana kwa nthawi.

"Mwaikamonso mbewu, mayi a Tadala?" anafunsa.

"Ayi, malume. Lino ndi losabereka."

"Mawa ndikubwerabe ndi ng'ombe."

"Bwerani. Mudzapeza mpira usanathe."

Anapukusa mutu n'kupalasa.

Ndinamuika Tadala pagolo la kum'mawa ndi mpira wa majumbo umene ndinamumangira, ndinamuuza kuti akamwetse chigoli uko. Anaumenya, anathamanga, anaumenyanso, kadilesi kakuuluka, mapazi atayera ndi phulusa, anathamanga, anathamanga, atafika pamzere wa pakati anakhala pansi n'kuyang'ana mapesi a tsidya linalo.

"Amayi, n'kutali," anatero. "Ndiberekeni."

Ndinamubereka, mpira ndikukankha ndi phazi, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kuti tisafike msanga. Ng'ombe zibwera mawa, ndikudziwa. Koma mwamumva nokha mwanayo. Tsono wina aime apa anene kuti ine ndimalemba mabwalo aang'ono.