Kabokosi ka a Mawaya

Ine ndi amene ndinaphunzitsa alamu anga, a Mawaya, kukonza wailesi. Anabwera kwa ine osadziwa ngakhale kumutu kwa batire. Chabwino, ndanama. Ine babu likapsa ndimaitana anthu. Koma zotsalazi n'zoona, kupatula apo ndi apo pomwe ndathira mchere.

A Mawaya ankadziwika ndi chinthu chimodzi: chimene atsegula sankatsekanso. Wailesi yako inkabwerako ikulira bwino, inde, koma matumbo ali pamtunda, chivundikiro atakupatsira m'manja.

"Nanga osamanga bwanji, madala?"

"Ndikamanga ndiye kuti ndamaliza. Wakuuza ndani kuti ndamaliza?"

M'chipinda mwawo munali mawailesi amaliseche okwana malole atatu. Mphemvu zikalowamo zinkatuluka zikudziwa nkhani za dziko lonse. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, manja akunjenjemera, anayamba kuphunzira za mafoni. Ankavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake, n'kumaonera pafoni ya mwana wawo wamkazi mmene anzawo akutali amawotcherera tizinthu tating'ono ngati nsabwe. Foniyo nayonso anaitsegula. Mwanayo analira masiku awiri.

Koma ntchito yawo yeniyeni inali achemwali anga, akazi awo. Makutu a achemwali anayamba kufa zaka khumi zapitazo. A Mawaya anatenga kabokosi kosungira sopo, kuikamo timawaya, batire ndi kamaikolofoni ka foni yakufa, n'kulumikiza chomvera cha kukhutu. Achemwali ankakavala m'khosi, kosatseka, komangidwa ndi mphira. Poyamba kankalira ngati mbuzi yopanidwa pachitseko, koma chaka ndi chaka kankamveka bwino, poti Loweruka lililonse ankakatokosanso.

"Mukundimva, mayi?"

"Ndikukumvani. Ndikumvanso m'mimba mwanu. Chepetsani."

Ana anagula chomvera cha kusitolo, chonyezimira. Achemwali anati chimawamvetsa anthu ngati akulankhulira m'ndowa, n'kuchiponya m'kabati.

Chaka chathachi a Mawaya anayamba kuda nkhawa. Anaitana ana kuti awaphunzitse kabokosiko. Wina ati ntchito, wina ati mawa. Ndinatsala ine. Ndinakhala nawo masana anayi, iwo akuloza ndi nsonga ya sikuludiraiva, ine ndikugwedeza mutu, maganizo ali kumpira.

"Mwamva, alamu? Waya wofiirayu akaduka mutani?"

"Ndamva zonse. Mwinanso ndakuposani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi onse awiri. "Musadzawasiye achemwali anuwa osamva kanthu," anatero. Sanalembe chilichonse papepala. Ankati adzalemba akamaliza.

Anatisiya miyezi itatu yapitayo. M'nyumba muja, momwe munkalira mawailesi asanu nthawi imodzi, lero umangomva wotchi yapakhoma. Fungo la mtovu wopsa latha m'makatani. Anthu amafikabe pageti atanyamula mawailesi awo kukhwapa, n'kukumbuka, n'kubwerera.

Sabata yatha kabokosi kanazima, achemwali anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde, mwana wawo akuwalankhula, iwo akungotsata milomo yake ngati munthu woonera basi ikumusiya. Ndinatenga kabokosiko, ndinalowa m'chipinda muja, ndinakhala pampando wa malemu. Mawaya ofiira analimo asanu ndi awiri. Ndinagwedeza uyu, ndinauzira uyo, ndinapukuta fumbi ndi malaya. Ndinayang'ana mawailesi onse aja, nawonso akundiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Palibe inandiuza kanthu.

Ndinatuluka, ndinawaveka m'khosi, ndinakoka mpweya wonse umene ndinali nawo.

"Ndakonza, achemwali! Mukumva?"

Agalu a nyumba yachitatu anayankha.

"Ndikumva," anatero achemwali.

Mtima unakhala pansi. Ndinapitiriza kukuwa za mvula, za mitengo ya zinthu, za bondo langa, mitsempha ya m'khosi itaimirira. Anandisiya mpaka mawu anasasa. Kenako anatambasula dzanja. M'chikhatho munali batire la kabokosiko.

"Katazima ndinalichotsa, kuti ndione ngati uzindikire," anatero. "Alamu ako ankandinong'oneza ali kuchipinda, ine n'kumva ndili kuno. Iwe ukukuwa ngati wogulitsa makala. Khala pansi, undiyang'ane, ulankhule pang'onopang'ono. Unawauza kuti wamva zonse. Unamva chiyani?"