Pempho la Malo a Kontena Imodzi m'Firiji ya Bwana

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Kampani ya Magetsi ya Kuwala Kosazima,
Ofesi ya Pamwamba Penipeni.

Bwana,

Ndayamba ndavula chipewa, ngakhale simukundiona. Ine ndine munthu wamba, wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ya utoto, moyang'anizana ndi pokwerera basi. Sindinalemberepo kalata munthu wamkulu ngati inu, choncho mukapeza mawu opunduka mundikhululukire. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Koma musade nkhawa, sindinabwere kudzadandaula. Odandaula muli nawo okwanira, ndinawaona ali pamzere mpaka kumsewu. Ine ndabwera kudzathokoza, ndipo mathokozo anga ndawaika manambala kuti alembi anu asavutike powataya.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha kapepala ka malangizo kamene munatumiza m'makomo chaka chatha, kamutu wakuti "Phikani Kamodzi, Sungani m'Firiji, Pulumutsani Nthawi ndi Ndalama." Panali chithunzi cha banja losekerera mano onse pamtunda, litaima kutsogolo kwa firiji yotsegula, babu la m'kati likuwala ngati kumwamba. Mayi a kunyumba, amene anagwira ntchito ya unamwino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anakawerenga kawiri n'kukamata pakhoma la kukhitchini.

Patapita miyezi ingapo anatenga tchuthi cha sabata imodzi. Anayenda khomo ndi khomo kupempha makontena otha a majarini, ndipo anaphika masiku atatu osapuma: nyemba, nkhuku, msuzi wa nyama, mbatata, nandolo. Ine ntchito yanga inali kusenda anyezi ndi kutsekera zivundikiro. Makontena anakwana makumi anayi. Pa iliyonse anamata pulasitala wa kuchipatala n'kulembapo deti la Lamulungu limodzi, pamodzi ndi malangizo monga amalembera pa mankhwala: theka masana, theka madzulo, mutatenthetsa bwino, osawonjezera mchere. Ndinawaseka kwambiri. Ndinawafunsa ngati kampani yanu yawalemba ntchito yotsatsa malonda, iwo anangoti ndisende anyezi, ndisiye zolankhula.

Ine ndimati akutsatira kapepala kanu. Sindinadziwe kuti m'chikwama chawo munali pepala lina, la madokotala. Anatisiya miyezi itatu yapitayo. Ndiye kuti, Bwana, anandiphikira Malamulungu a m'tsogolo kuti ndisamadye buledi ndi tiyi ngati mbeta, ndipo anadalira inu kuti muwasunga.

Kontena ya pansi penipeni si yanga. Ndi ya mwana wathu wamkazi, mmodzi yekhayo, amene ali kutali kusukulu ya unamwino. Muli nkhuku yothira adyo, mmene iye amaikondera. Papulasitala analemba kuti: "Ya mwana, tsiku lobwera atamaliza mayeso. Bambo musakhudze." Tsikulo ndi Loweruka la sabata ya mawa, kwatsala masiku asanu ndi anayi.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha mndandanda wa nthawi yozimitsira magetsi umene mumasindikiza Lolemba lililonse. Ndi wokongola, wa mabokosi ndi mitundu. Monga katswiri wa nthawi ndinauphunzira mofatsa. Poyamba ndinkayesa kuti wotchi ya kuofesi kwanu imachedwa, chifukwa pomwe munalemba kuti azima sikisi ankazima naini. Kenako ndinaona kuti imafulumira. Sabata yachitatu anazima Lachiwiri n'kubwera Lachisanu, pamene mndandanda umati dera lathu silikhudzidwa. Ndinatenga wotchi yakale ya pakhoma kuti ndiitchere iziyenda mofanana ndi mndandanda wanu, ndizidziwiratu. Ndinaitsegula, ndinatembenuza mawilo, ndinachotsa muvi umodzi, mpaka inayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo n'kumaima ikafuna. Pamenepo m'pamene inayamba kugwirizana nanu pang'ono. Zaka makumi atatu za ntchito yanga sindinaphunzirepo zambiri chotere.

3. Ndikuthokoza chifukwa mwagwirizanitsa anthu a mumsewu wathu, amene kale sitinkapatsana n'komwe moni.

Mayi a kunyumba anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalibwereza ngati pemphero: chakudya chikasungunuka sichibwereranso m'firiji, chidyedwe tsiku lomwelo. Tsono magetsi akapita masiku awiri, makontena a pamwamba amayamba kutuluka thukuta. Ulendo woyamba anafewa asanu ndi imodzi. Ndinadya imodzi ndi theka mpaka lamba anakana, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ndinaitana mayi wa nyumba yoyandikana, iye anaitana apongozi ake, apongoziwo anaitana wosoka nsapato wa pakona. Ulendo wachiwiri sindinaitane munthu. Anabwera okha, aliyense supuni yake m'thumba.

Lero tili ndi Komiti Yodya Mwadzidzidzi, ya wapampando, mlembi ndi malamulo ake. Wapampando ndi mlamu wanga, mchimwene wa malemu, amene anthu amamutcha Kapitawo ngakhale sanayang'anirepo ntchito iliyonse. Munthu ameneyu kumaliro anabwera mochedwa, koma kuzima kwa magetsi sanachedweko ngakhale tsiku limodzi. Amafika patatsala mphindi khumi kuti azime, n'kukhala pampando woyang'ana firiji, n'kumalankhula za ubwino wa mlongo wake misozi ili m'maso, supuni ili m'dzanja. Ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji, iye anati m'mimba mwake mumayamba kulira. Ndikupempha mumuganizire pa ntchito yolemba mndandanda ija, chifukwa mimba yake siinaphonyepo.

Mukadzamva anthu akuwomba m'manja magetsi atazima, musadabwe, ndi msewu wathu. Dziko lonse ndife tokha amene timakuyamikani pa zimenezi, ndipo ndikuganiza kuti tiyenera satifiketi.

4. Ndikuthokoza chifukwa lonjezo lanu lopulumutsa nthawi mwalikwaniritsa mopitirira muyezo. Pa makontena makumi anayi aja, khumi ndi awiri ndinadya pa Malamulungu ake, ndekha, pambale yanga, monga anandilembera. Makumi awiri ndi asanu ndi awiri tawadya pa nthawi yanu. Kunena zoona, kalendala ya pakhoma ikuti tili chaka chino, koma kalendala ya m'firiji ikuti ndili kale chaka chamawa. Anzanga akali kudikira nyengo yamvula, ine ndinaidya kalekale ndi nandolo.

Panali kontena ya sabata ya tsiku langa lobadwa, lomwe lili miyezi isanu m'tsogolo. Inasungunuka Lachiwiri lina masana. Komiti inakhala pansi n'kugamula kuti popeza chakudya chafika, tsikulo lafikanso. Anandiimbira nyimbo. Ndinalowa m'nyumba ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ndinatuluka nditawonjezera chimodzi, ndipo mawondo anavomereza pomwepo. Chonde mundiuze ofesi yomwe ndingakasinthitseko chiphaso changa.

Panalinso ina ya tsiku lomwe tinakwatirana. Imeneyo papulasitala panalibe malangizo, anangojambulapo kawotchi kakang'ono. Ndinali kuntchito, ndipo Kapitawo, amene ali ndi kiyi wa chitseko chakuseri, anaidya choimirira kuti isaonongeke. Anandisiyira chivundikiro chotsukatsuka. Sindinamukalipire, chifukwa lamulo analitsata. Koma ndisakunamizeni, Bwana, zinandipweteka, ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira ngati mwana.

5. Ndikuthokoza chifukwa mwandionetsa tauni yathu yonse, ine amene ndinkangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi.

Pamene makontena anali ambiri, ankatchinjiriza ya mwana ija, popeza inali pansi, anzake ataizinga mbali zonse. Ankasungunuka iwo, iyo ili gwa. Tsopano yatsala yokha m'firiji yaikulu ngati bokosi, pamodzi ndi mabotolo anayi a madzi oundana. Ndinayesa ndi wotchi yanga: magetsi akazima, imapirira maola khumi ndi limodzi, kenako m'mbali mumayamba kufewa. Choncho akazima, pa ola lachisanu ndi chitatu ndimaikulunga ndi bulangete, n'kuiika m'chidebe, n'kuyamba kusaka kuzizira.

Wabutchala anandilandira bwino, koma ndinamupeza ataimika nyama yonse panja, akukupiza ntchentche ndi kapepala kanu komwe kaja. Wogulitsa ayisikilimu wa panjinga anandiuza kuti iye anasintha bizinesi, tsopano akugulitsa mkaka wotsekemera wofunda wa mitundu itatu. Wa sitolo ya mankhwala anati firiji yake ili ndi malo, koma nayenso akufunafuna kokasungitsa katemera. Tinayenda limodzi kamtunda, iye ndi bokosi lake, ine ndi chidebe changa. Anthu ataona bulangete ndi mmene ndinkayendera mosamala, anayamba kundipatukira, ena kundifunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Pomaliza ndinafika kuchipatala komwe malemu ankagwira ntchito. Kumeneko jenereta ilipo, ndipo malo amene sasiya kuzizira ndi amodzi okha, nyumba ya chisoni. Bambo woyang'anira kumeneko, munthu wabwino mtima, anandizindikira. Anazindikiranso zolemba za papulasitala. Anandiuza kuti shelefu ya pamwamba ilibe munthu, ndipo palibe amene angadziwe. Anatsegula chitseko, mphepo yozizira inandiwomba kumaso, mphepo yeniyeni imene ndakhala ndikuisaka tauni yonse. Kenako ndinamuthokoza n'kubwerera ndi chidebe changa. Mayi a kunyumba anagonamo kale masiku awiri m'chipinda chimenecho, sindikanatha kuwabwezako kachiwiri.

Tsiku limenelo magetsi anabwera ndili panjira, pa ola lakhumi. Ndikudziwa kuti simunachite dala, komabe zikomo.

6. Ndikuthokoza mayi wa pawindo la madandaulo kuofesi kwanu. Ndinapita ndi chidebe changa kuti aone ndi maso. Anandilandira mwaulemu n'kundifotokozera kuti madandaulo onse amalowa m'kompyuta, koma kompyuta sinali kuyaka chifukwa kunalibe magetsi. Anati ndibwerenso magetsi akayaka. Ndinamuuza kuti akayaka ndimakhala ndilibe dandaulo. Anati n'chifukwa chake dera lathu lili pa nambala wani pa madera okhutira. Potuluka anandipatsa kapepala kena kofanana ndi koyamba kaja, kuti ndikapatse mayi a kunyumba.

Tsopano, Bwana, ndafika pa pempho langa, ndipo ndagwada.

Mwana amandiimbira foni Lamulungu lililonse. Safunsa za mawondo anga, safunsa za ntchito. Amayamba ndi kufunsa ngati ya mayi ija ikadali youma, ine n'kuyankha kuti ili ngati mwala. Akuti mayeso akamuvuta amaganiza za nkhuku imeneyo. Sakudziwa za komiti, sakudziwa za chidebe, ndipo akuganiza kuti m'firiji mukadali modzaza. Pa zonse zimene manja a mayi ake anagwira, chimenechi ndi chomaliza chimene angalawe. Mndandanda wanu wa sabata ino ukuti dera lathu silikhudzidwa, ndiye mukhoza kumvetsa mantha anga. Kapitawonso wabwera ndi chikwama cha zovala.

Sindikupempha kuti musiye kuzimitsa magetsi. Ndine ndani ine kuti ndiletse munthu ntchito yake? Koma ndikakhala pakhonde panga ndimaona nyumba yanu paphiri paja, mababu a kumpanda akuyaka dzuwa lili paliwombo, ndipo ndimasangalala kuti pali wina amene dzina la kampani yanu limamunenera zoona. Wophika wanu anabweretsa wotchi yake kwa ine mwezi watha. Musamudzudzule, ndi munthu wokukondani. Anandiuza monyadira kuti muli ndi mafiriji atatu: ya banja, ya madzi oundana othira m'zakumwa za alendo, ndi ya nyama ya agalu.

Ya banja sindingaiyerekeze, ya alendo ndikuilemekeza. Ndikupempha kangodya kamodzi mu ya agalu, ngati iwo angalole kusuntha mafupa awo pang'ono. Kontenayo ndi yaing'ono, ya majarini, siinunkha ndipo siilankhula. Ndidzaibweretsa ndekha pachipata, n'kudzaitenga Loweruka m'mawa basi ya mwana isanafike. Mawotchi onse a m'nyumba mwanu ndidzawakonza mwaulere, ngakhale ya kuofesi ija ngati mungafune kuti ichire. Chokhacho, musaitsegule. Makumi awiri ndi asanu ndi awiri munadya kale osanyamula n'komwe supuni, imodzi yokhayi mutisiyire.

Ngati agalu akana, ndidzamvetsa. Pamenepo ndipempha chinthu chochepa kwambiri: mudzabwere nokha Loweruka limenelo, mudzaime nane pokwerera basi, ndipo mwanayo akadzatsika n'kufunsa funso lake lija, mudzamuyankhe ndinu. Musavutike kukonzekera zolankhula. Ndidzakubweretserani kapepala kanu kuti mudzamuwerengere. Kakadali pakhoma pomwe mayi ake anakamata, ndipo m'khitchini monse ndi kokhako kamene sikanaonongeke.

Ine wanu wogwada, chidebe chili m'manja,

Wokonza Mawotchi,
Pakhonde la sitolo ya utoto.